Mafunso ndi mayankho: handulo yopindikira pansi ya njinga zakale zothamanga

Awa ndi mafunso amene timalandira kawirikawiri kuchokera kwa anthu amene agula njinga yakale yothamanga, ya felemu yachitsulo ndi matayala opyapyala, kaya pa kaunjika mu Old Town muno mu Lilongwe, kaya kwa mnzawo ku Kawale kapena ku Area 25. Ambiri amabwera ataganiza kale zochotsa handuloyo. Werengani kaye musanamasule bawuti iliyonse.

Kodi handulo imeneyi anaipindiranji chonchi?

Anafuna kuti manja akhale ndi malo angapo ogwira. Pa njinga ya kabaza manja amakhala pamodzimodzi ulendo wonse. Pa handulo yopindikira pansi malo alipo anayi: pamwamba pafupi ndi pakati, pa ngodya pamene chitsulo chakhotera kutsogolo, pa mphira zokuta zogwirira mabuleki, ndi pansi penipeni m'kati mwa kupindikako. Mukasuntha manja, msana ndi khosi nazo zimapumako, ndiye mutha kupalasa kuchoka m'tauni mpaka ku Namitete mapewa osauma.

Chifukwa china ndi mphepo. Pa msewu wosakwera, liwiro likapitirira makilomita 25 pa ola, mphamvu zambiri za miyendo zimathera polimbana ndi mpweya. Yesani kulowera ku Nathenje pa M1 mu Julaye, mwera ukukuwombani kumaso. Mukangotsitsa manja n'kuwerama mumva nokha kuti njinga yapepuka. Pansipo ndi pamenenso zala zimakoka buleki mwamphamvu, choncho pa zitsetse za msewu wa Salima manja azikhala pamenepo.

Anthu ambiri amaitembenuza kuti nyanga ziloze kumwamba. N'kulakwa?

Inde, ndipo n'koopsa. Chimene akufuna n'chomveka: msana wawawa, akufuna kukhala mowongoka. Koma handulo ikatembenuzidwa, zogwirira mabuleki zimayang'ana kwa wopalasa, ndiye buleki amachita kuikankha ndi chikhatho. Njinga ikayamba kuima thupi limapita kutsogolo, kulemera konse n'kugwera pa chogwiriracho, buleki n'kuluma kuposa mmene munafunira. Pa mphambano yodzaza maminibasi, kumeneko n'kuuluka pamwamba pa tayala lakutsogolo. Njira yoyenera yokwezera manja ili pa funso la msana ndi khosi.

Yakale imasiyana bwanji ndi ya njinga zatsopano?

Miyeso iwiri ndiyo imafotokoza maonekedwe a handulo. Woyamba ndi utali wopita kutsogolo, kuchokera pa chitsulo chopingasa chapamwamba kukafika pamene kupindika kwathera kutsogolo. Ogulitsa amalemba kuti reach. Wachiwiri ndi kuya, kuchokera pamwamba kufika pa mbali yapansi. Amalemba kuti drop. Mahandulo ambiri amakono ndi afupi ndiponso osaya, 70 mpaka 80 mm kutsogolo ndi 120 mpaka 130 mm pansi. Akale amafika 140, ena mpaka 160 mm pansi, ndipo kupindika kwake ndi kozungulira bwinobwino, kopanda pongoka pakati.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera. Amaona kuya kumeneku n'kumati anthu akale ankapalasa atapindika ngati wolima ndi khasu lalifupi mpini. Sizinali choncho. Felemu za m'ma 1960 ndi 1970 zinali zazitali poyerekeza ndi msinkhu wa mwini wake, chishalo chimangotuluka pang'ono, ndipo pamwamba pa handulo pamakhala pafupifupi mofanana ndi chishalo kapena kutsikirapo masentimita ochepa. Popeza pamwamba panali patali ndi nthaka, pansi pake pamafikika ndipo munthu ankatha maola ali pomwepo. Mukatenga handulo yakuya yomweyo n'kuiika pa felemu yokuchepani, stem (kachitsulo kolumikiza handulo ndi foloko) n'kuitsitsa mpaka pansi, mbali yapansi idzangokhala chokongoletsa. Cholakwika sichikhala handulo, koma pamene yaikidwa.

Pa yanga palembedwa Cinelli, pa ya mnzanga SR. Maina amenewa akutiuza chiyani?

Dzina la kampani limadindidwa pakati, mbali zonse ziwiri za stem. Cinelli ndi ya ku Milan, inayambitsidwa ndi Cino Cinelli mu 1948, ndipo mitundu yake itatu ndiyo anthu amayerekezera nayo mahandulo ena onse. Nambala 64, Giro d'Italia, ndiyo yosaya kwambiri mwa itatuyi, pafupifupi 140 mm. Nambala 66, Campione del Mondo, ndi yakuya, yoyenera munthu wamtali wa zikhatho zazikulu. Nambala 65, Criterium, imayamba kukhotera kutsogolo ikangochoka pa stem, kuti mikono isagunde chitsulo pothamanga mwamphamvu manja ali pansi. Ndi yokongola, koma pamwamba pake malo ogwira ndi ochepa, ndipo sitimailimbikitsa kwa munthu wa maulendo ataliatali. Mukachotsa tepi kumapeto mupeza manambala ngati 64-40, kutanthauza mtundu 64, m'lifupi masentimita 40.

SR ndi Sakae Ringyo ya ku Japan, ndipo pamodzi ndi Nitto ndiyo mumaipeza pa njinga zambiri zochokera kumeneko. Za ku Italy zina ndi 3ttt ya ku Turin, ITM ndi Modolo. GB ndi ya ku Britain. Philippe, Atax ndi AVA ndi za ku France, ndipo zimenezi zili ndi nkhani yake pa funso la miyeso.

Palinso maina awiri a kapindidwe, osati a kampani. Maes, dzina la katswiri wopalasa wa ku Belgium wa m'ma 1930, ndi handulo imene mbali yake yapamwamba yopita ku mabuleki imayenda molingana ndi yapansi, ndiye kuseri kwa buleki kumakhala malo aatali osatsetsereka oikapo chikhatho. Randonneur ndi ya apaulendo a ku France: pamwamba imakwera pang'ono polowera m'mbali, pansi n'kutambasukira kunja. Mwa zonsezi, pa misewu yathu ya zigamba ndi maenje, ife timakonda Maes ndi randonneur. Dzanja limakhala pamalo ake ngakhale tayala ligunde dzenje.

Nanga m'lifupi mwake muzikhala bwanji?

Lamulo lakale ndi lakuti handulo ilingane ndi mapewa. Wina akuyezeni kuchokera pa fupa losongoka la phewa lina kufika pa linzake. Mahandulo akale ambiri ndi a masentimita 38, 40 kapena 42, opapatiza poyerekeza ndi 42 kapena 44 amene afala masiku ano. Sabata yoyamba 38 imamveka yothina, makamaka kwa amene anazolowera mountain bike, koma ambiri amaizolowera, ndipo pakati pa magalimoto a pa mlatho wa Lilongwe kupapatizako kumathandiza.

Poyeza handulo yezani kumapeto, kuchokera pakati pa chibowo china kufika pakati pa chinzake. Makampani ena amayeza kunja ndi kunja, choncho 42 yawo ndi 40 ya anzawo. Khulupirirani tepi yoyezera, osati nambala yodindidwa yokha.

Ndagula handulo ina koma sikulowa mu stem, kapena ikugwedera. Chavuta n'chiyani?

Stem ndi kachitsulo kolumikiza handulo ndi foloko, ndipo kamwa yake iyenera kufanana ndendende ndi kunenepa kwa pakati pa handulo. Vuto ndi lakuti dziko lililonse linali ndi muyeso wake. Za ku Japan ndi za ku Britain zambiri ndi 25.4 mm. Za ku Italy zambiri ndi 26.0 mm. Cinelli inali ndi wakewake, 26.4 mm, mpaka chakumapeto kwa m'ma 1990. Za ku France zakale ndi 25.0 mm. Zamakono ndi 31.8 mm, ndipo zimenezi zokha ndi zimene mungazizindikire ndi maso. Zinazo zimasiyana ndi kachidutswa ka milimita, diso silingaone.

Ngati makaniko wanu ali ndi vernier, chida choyezera kunenepa kwa chitsulo, nkhani yatha. Ngati alibe, dulani kapepala kopyapyala, kakulungeni mothina pakati pa handulo, lembani ndi cholembera chosongoka pamene kakumana, n'kuyeza ndi lula. Mukapeza 78.5 mm, handuloyo ndi ya 25.0. Mukapeza pafupifupi 80, ndi ya 25.4. Pafupifupi 81.5 ndi ya 26.0, ndipo 83 ndi ya 26.4. Yezani kawiri kapena katatu, chifukwa kusiyanako n'kochepa.

Musakakamize. Handulo yaikulu mu stem yaing'ono imatanula kamwa ya aluminiyamu, ndipo yaing'ono mu stem yaikulu imachititsa kuti mumange bawuti mopitirira mpaka makutu a kamwayo akumane. Njira zonse ziwiri zimayambitsa mng'alu umene suoneka mpaka tsiku limene stem idzathyoke muli pa liwiro.

Njinga zakale za ku France monga Peugeot, Motobécane ndi Gitane zili ndi msampha wina. Mwendo wa stem wolowa mu foloko ndi 22.0 mm, pamene wa njinga zina zambiri ndi 22.2 mm. Stem wamba siilowa. Amakaniko odziwa amapala mwendowo pang'onopang'ono ndi sandipepala mpaka ulowe, ndipo zimenezo zilibe vuto. Chosaloledwa ndi kuikhomera ndi hamala.

Kodi ndingathinitse ndi kachidutswa ka chitini cha chakumwa?

Chitini chimenechi n'chopyapyala, pafupifupi 0.1 mm. Kuti handulo ya 25.4 igwire mu stem ya 26.0 pamafunika 0.3 mm kuzungulira konse, ndiye kuti mapepala atatu osanjikiza, ndipo amaterereka okhaokha. Kungakufikitseni kunyumba, koma si kokhalitsa. Pali tizitsulo topangira ntchito imeneyi, koma kunoko chapafupi n'kufunafuna pa kaunjika handulo ndi stem zimene zinabwera limodzi n'kugula zonse ziwiri.

Ndiilowetsa bwanji mu stem osaikanda?

Stem zakale zili ndi bawuti imodzi ndipo kamwa yake sitseguka yonse, choncho handulo imalowa kuchokera kumapeto n'kudutsa m'makhotamo. Chotsani tepi ndi chogwirira buleki mbali imodzi. Pozungulira pokhota, tembenuzani stem kuti mbali yopapatiza ya kamwa, imene ili ndi mpata, ikhale m'kati mwa kupindika. Ikakana, pa stem zimene zili ndi mazinga m'khutu mwake, tulutsani bawuti, ilowetseni kuchokera mbali inayo, ikani kandalama kachitsulo mu mpatawo, ndipo mangani pang'ono kuti bawuti ikankhe kandalamako. Kamwa itseguka pang'ono chabe, ndipo n'zokwanira. Kutanula ndi sikuludiraiva kumasiya mabala pamalo pamene sipafunika bala.

Msana ndi khosi zikundiwawa. Ndisinthe handulo?

Yambani ndi stem. Masulani bawuti ya pamwamba pake, kawirikawiri ndi Allen key ya 6 mm, kuizunguza katatu kapena kanayi, kenako igogodeni pamutu ndi thabwa kuti mphero ya m'kati, kachitsulo kamene kamathinitsa stem mu foloko, imasuke. Kwezani stem, koma yang'anani mzere wodindidwa pa mwendo wake. Mzere umenewo usaoneke kunja. Ukatuluka, mphero imakathinira pamene foloko ili ndi mazinga, pamalo popyapyala, ndipo foloko imatha kung'aluka. Kwa munthu amene sakupikisana ndi wina aliyense, pamwamba pa handulo pakhale mofanana ndi chishalo kapena kutsikirapo masentimita awiri kapena atatu. Ngati stem yanu ndi yaifupi mwendo, zilipo zazitali, monga Nitto Technomic.

Kenako onani utali wopita kutsogolo. Stem zakale zambiri ndi za 80 mpaka 120 mm. Akale ankayeza chonchi: chigongono pa nsonga ya chishalo, zala zoloza kutsogolo zifike pafupi ndi handulo. Ndi poyambira chabe, koma ngati patsala mpata wa chikhatho chonse, stem yatalika. Chizindikiro china ndi zigongono zowongoka gwa ndi mapewa okwera kufika m'makutu. Zigongono zizikhala zopindika pang'ono nthawi zonse, chifukwa ndizo zimalandira mabampu.

Musasunthire chishalo kutsogolo pofuna kufupikitsa mtunda. Chishalo chimaikidwa potengera miyendo ndi mapedulo, ndipo mukachipititsa kutsogolo kulemera kwa thupi kumagwera m'manja. Ngati mwachita zonsezi koma sizikutheka, felemuyo si ya msinkhu wanu, ndipo handulo ina siingakonze zimenezo.

Stem yakana kusuntha ngakhale ndamasula bawuti.

Aluminiyamu ikakhala zaka m'kati mwa chitsulo popanda girizi, zimamatirirana. Tembenuzani njinga, thirani mafuta omasulira dzimbiri kuchokera pansi pa foloko, isiyeni masiku angapo, kenako panani foloko pafupi ndi pamwamba n'kupotoza handulo uku ndi uku. Musapane tayala ndi maondo n'kupotoza ndi mphamvu zonse, mupinda foloko. Ikatuluka, pakani girizi musanabwezere, ndipo chaka chilichonse mvula isanayambe muziitulutsa n'kupakanso.

Handulo ipendekeke bwanji, nanga zogwirira mabuleki zikhale pati?

Funso ili ndi limene limasintha kwambiri mmene njinga imamvekera, koma ndi limene anthu amalilumpha. Pa handulo yozungulira yakale, mbali yapansi ikhale yolingana ndi nthaka kapena kumapeto kwake kuloze pansi pang'ono, cha ku buleki yakumbuyo. Mukaikweza kupitirira apo, pamwamba pamakoma koma pansi dzanja limapotoka ndipo limatsetsereka.

Za mabuleki, ikani lula pansi pa mbali yapansi ya handulo kuti itulukire kutsogolo. Nsonga ya chogwirira buleki ikhudze lulayo. Umu ndi mmene amakaniko akale ankachitira, ndipo zimathandiza kuti mbali zonse ziwiri zifanane. Ngati mumakonda kugwira pa mphira, kwezani ndi sentimita imodzi, osapitirira, apo ayi zala sizifika pa buleki manja ali pansi.

Musayembekezere kuti pakhala posalala kuchokera pa handulo kufika pa mphira ngati pa njinga zatsopano. Zogwirira zakale, zimene waya wake amatulukira pamwamba, zili ndi thupi laling'ono, ndipo pa handulo ngati Cinelli 64 chitsulo chimatsetsereka chisanafike pa buleki. Anazipanga kuti dzanja lizikhala m'kachigwa kameneko. Zobisa waya pansi pa tepi zinafala m'ma 1980, ndipo zosinthira magiya pa buleki pomwepo zinabwera ndi Shimano mu 1990 ndi Campagnolo mu 1992. Zimenezi ndi zazitali, choncho mukaziika pa handulo yakale yotalika kutsogolo manja amapita patali kwambiri, ndipo pamafunika stem yofupikirapo. Yesani zonse popanda tepi, zungulirani nayo pafupi ndi kunyumba, mukakhutira ndiye mukulunge.

Zala ziwiri zakumapeto zimachita dzanzi. N'chifukwa chiyani?

Mtsempha wopita ku chala chaching'ono ndi chinzake umadutsa m'munsi mwa chikhatho, mbali yakunja, pamene ambiri amatsamira. Muzisuntha manja pafupipafupi, dzanja lisapindike pa mfundo, ndipo onani ngati chishalo sichinaweramire kutsogolo, chifukwa chikatero mumatsetserekera pa handulo. Zina zonse zili pa funso la msana. Dzanzi likapitirira masiku angapo mutasiya kupalasa, pitani kuchipatala.

Manja anga ndi aang'ono, sindifikira mabuleki.

Timamva zimenezi kwa amayi ndi achinyamata ambiri. Handulo yakuya ngati 66 imaika chikhatho kutali ndi chogwirira, choncho yosaya imathandiza. Kutsitsa chogwirira pang'ono pa kupindikako nakonso kumachibweretsa pafupi ndi zala. Lekereraninso waya pang'ono kuti buleki iziyamba kuluma chogwirira chitayandikira, pamene zala zili ndi mphamvu, bola chisagunde handulo.

Njinga zambiri za m'ma 1970 zili ndi tizogwirira tina topingasa pansi pa mbali yapamwamba. Timathandiza kuchepetsa liwiro, koma timapindika ndipo sitiimitsa njinga mwadzidzidzi. Musatidalire pa chitsetse.

Buleki yakutsogolo ili kumanzere, pamene ndinazolowera kumanja.

Njinga zochokera ku Britain ndi ku Japan, kumene amayenda kumanzere kwa msewu ngati ife, kawirikawiri buleki yakutsogolo imakhala kumanja. Za ku America ndi maiko ambiri a ku Ulaya imakhala kumanzere. Sinthanitsani mawaya kuti zifanane ndi njinga imene munakulira, chifukwa pa ngozi dzanja limachita zimene linazolowera.

Yapindika nditagwa. Awongole kapena awotcherere?

Ngati ndi ya aluminiyamu, zonse ziwiri ayi. Aluminiyamu ikapindika n'kuwongoledwa imafooka, ndipo ikamathyoka sichenjeza. Owotcherera a m'misika yathu ndi aluso pa chitsulo, koma handulo yopyapyala chonchi si yowotcherera. Maginito akuuzani: akamata ndi yachitsulo, ndipo yachitsulo yopindika pang'ono itha kuwongoledwa.

Ngakhale simunagwe, chotsani tepi kamodzi pachaka muone. Thukuta la mu Okutobala limalowa pansi pa tepi n'kudya aluminiyamu, makamaka pansi pa lamba wa zogwirira mabuleki. Ufa woyera wapamwamba mutha kupukuta, koma mukapeza timaenje, handuloyo yatha. Yang'ananinso m'mphepete mwa kamwa ya stem ngati pali mzere wozama kapena mng'alu. Mahandulo ena ali ndi chitsulo china chovekedwa pakati, ndipo chimatha kulira mukakoka mwamphamvu; kuliraku pakokha si mng'alu, koma musakunyalanyaze musanayang'ane. Stem zakale za AVA zili ndi mbiri yothyoka, ndipo tikazipeza timazichotsa ngakhale zikuoneka zabwino.

Ndikulunge ndi chiyani?

Kale ankakulunga ndi tepi ya thonje, kenako kunabwera ya pulasitiki yonyezimira ya Benotto, ndipo m'ma 1980 Cinelli inabweretsa yofewa ya cork. Ya thonje imagwirika bwino ngakhale ndi thukuta, koma siteteza ku mabampu. Mphira ya chubu chakale, yodulidwa motalika, ndi yabwino kwambiri ngati yoyala pansi, tepi n'kubwera pamwamba. Payokha imadetsa manja ndipo imaterera ikanyowa. Yambirani kumapeto kukwera, tepi izisanjikizana pang'ono, mumalize ndi tepi ya magetsi pafupi ndi pakati. Zibowo za kumapeto muzitseke nthawi zonse, ngakhale ndi chitsekero cha botolo la vinyo. Chibowo chotseguka chimaboola ntchafu munthu akagwa.

Ndikufunabe yowongoka ngati ya mountain bike. Zitheka?

Zitheka, koma si handulo yokha imene mugule. Pogwira pa handulo yopindikira pansi ndi 23.8 mm, pa yowongoka ndi 22.2 mm, choncho zogwirira mabuleki sizisamuka. Posankha zatsopano pewani za V-brake, mabuleki a pa mountain bike zambiri, chifukwa zimakoka waya wambiri ndipo pa mabuleki a njinga yothamanga zimachepetsa mphamvu. Funani za mabuleki a cantilever, a pa mountain bike zakale. Mahandulo owongoka akale ambiri ndi a 25.4 mm pakati, ndiye bwererani ku funso la miyeso muone ngati stem yanu ilola. Zosinthira magiya zikakhala pa felemu, monga zilili pa njinga zambiri zakale, sizikhudzidwa.

Pa maulendo aafupi a m'tauni, kuchoka ku Biwi kupita ku City Centre, yowongoka ilibe vuto. Koma kwezani kaye stem, konzani mabuleki monga tafotokozera, mupalase milungu iwiri musanagamule. Mukasinthabe, handulo yakaleyo, stem yake ndi zogwirira zake muzimange pamodzi n'kuzisunga pouma, chifukwa kupeza zitatu zogwirizana miyeso mu Lilongwe muno n'kovuta, ndipo wodzagula njingayo adzazifunsa.